Masatifiketi Amene Ndinakana Kusaina

9 Febuluwale

Bambo anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa Amayi ndi wa mdzukulu wanu. Ine kuno ndinafika bwino ndipo ndili bwino. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni paja tinkangokuwirana, inu "Wati chiyani?" ine "Ndati ndafika!" mpaka anthu a pabwalo la ndege kumandicheukira. Malole a mafuta amene munayendetsa zaka zonse zija anapita ndi makutu anu, koma maso anakusiyirani. Ndiye valani magalasi, mukhale pansi, ndikuuzeni za ntchito.

Pachitseko cha ofesi yanga analembapo kuti Mkulu wa Senta. Tsiku loyamba ndinaima pamenepo chikwama chili m'manja ngati munthu wosokera. Ndinakumbuka kamtsikana kaja munkakatchula kondakitala, kankakhala pampando wa pambali m'lole miyendo isakufika pansi. Ndi komweko, Bambo, kali ndi chitseko chakechake.

Sentayi ndi ya yunivesite, koma inamangidwa ndi thandizo la kampani ina yaikulu yokumba mafuta. Ntchito zake ndi ziwiri. M'zipinda zam'mwamba muli labotale, mmene timayeza miyala yodulidwa pansi penipeni pa nthaka, yaitali ndi yobulungira ngati mapaipi. Ukaununkhiza mwala wotero, fungo lake ndi la ovololo yanu ija. Ndipo ndikuwongolereni: mafuta sakhala m'dziwe pansipo monga munkandinamizira ndili mwana. Amakhala m'timabowo ta mwala ngati madzi m'siponji, ndipo ife timayeza kuti mwalawo wasunga ochuluka bwanji ndiponso ungalole kuwatulutsa. M'zipinda zapansi ndi mophunzitsira anthu ogwira ntchito pazitsime za mafuta. Kumeneko ndiye kuli ntchito yondidikira, chifukwa makina ambiri akadali m'mabokosi osatsegula, fumbi lili mbuu.

Wachiwiri wanga ndi bambo wachikulire, katswiri wa miyala, amene wakhala akuyendetsa sentayi mogwirizira chiimangireni. Onse amawatchula a Makiyi, chifukwa makiyi a zitseko zonse amalendewera pa lamba wawo, moti umawamva akadali pamasitepe. Anandilandira ndi tiyi ndi mabisiketi, koma kiyi wa ofesi yanga yomwe ndinachita kuwapempha kangapo. Ndamva kuti mpandowu ankauyembekezera ndi iwo. Sindikuwaimba mlandu. Nanenso zikanandiwawa kuona mlendo, mkazi, wamng'ono kwa ine, akudzakhala pamene ndinkasesa.

Andipatsa nyumba ya senta, yazipinda ziwiri, kuseri kwa bwalo la mpira la ophunzira. Ndi yaikulu kwa munthu mmodzi.

Kangachepe ndatumiza kudzera kwa Amayi. Choyamba ndi mankhwala anu a shuga, osati mabatire a wailesi. Mdzukulu wanu mumugulire nsapato za kusukulu zokulirapo, phazi lake likuthamanga kuposa mwini wake. Mumuuze kuti chaka chimene ndinamulonjeza sichichedwa kutha.

Ndine mwana wanu,
Kondakitala

28 Marichi

Bambo,

Moni kwa nonse kumeneko. Kalata yanu ndalandira ndipo ndakondwa kumva kuti shuga watsika, Amayinso mwendo wasiya kuwavuta. Ine ndili bwino, ndanenepako, chifukwa pageti pa senta pali mayi wogulitsa chakudya amene samva mawu akuti "basi chakwana".

Mabokosi aja tatsegula onse. Ndinavala ovololo ndi jombo n'kuyamba kuzula misomali ndekha, ndipo anzanga ataona bwana wagwira hamala, manyazi anawadzutsa pamipando.

Chachikulu pa zonse ndi chipinda choyeserera. Mukanachiona, Bambo! Anachipanga ngati pamalo enieni okumbira chitsime: mpando waukulu, mageji kutsogolo, zogwirira kumanja ndi kumanzere, foni pakhoma, ndi makanema m'malo mwa mawindo. Wophunzira akakhala pampandopo amamva phokoso la makina ndipo pansi pamanjenjemera. Ine ndimakhala kuseri kwa galasi ndi kompyuta, ntchito yanga ndi kumubweretsera mavuto dala.

Vuto lalikulu ndi ili. Pokumba timathira matope olemera m'chitsime kuti apondereze gasi amene ali pansi. Gasiyo akapeza mpata n'kulowa, matope amayamba kubwerera ochuluka kuposa amene tathira. Wokumba akaona zimenezo ayenera kuimitsa makina, kutsimikiza kuti matope akubwereradi, n'kutseka chitsime msanga. Akachedwa, gasi amakwera n'kutulukira pamwamba pomwe pali anthu. Moto wa mafuta sindikufotokozerani, inu munauona ndi maso anu tsiku lija lole ya mnzanu inagwa paphiri. M'chipinda chathu ukachedwa makanema amangofiira ndipo alamu imalira. Palibe amafa. Ndicho chifukwa chake chilipo, kuti munthu alakwitsire muno osati kunja.

Oyamba kukhalapo anali ophunzira athu a pa yunivesite. Mtsikana wina alamu italira anathawa n'kusiya nsapato pansi pa mpando. Kenako ndinati, "A Makiyi, yesaniko inu." Anakana, anakananso, mapeto ake anakhalapo. Sipanatenge nthawi, chitsime chinaphulika. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Mayi, ine za miyala ndi zomwe ndimadziwa, miyala sithamanga." Aka kanali koyamba kuwamva akuseka. Tsiku lomwelo anandipatsa kiyi wa labotale ndisanapemphe.

Mkulu wa yunivesite anabwera kudzaona, anajambulitsa atakhala pampando chipewa atavala chozondoka. Ananena pagulu kuti sanalakwitse kundiitana. Mawu amenewo ndikanakonda akanalowa m'makutu anu ngakhale ogonthawo.

Mwezi wamawa kampani ija ikutumiza antchito ake khumi ndi awiri. Ikufuna kuyamba kukumba chitsime chatsopano, ndipo lamulo la kuno silola munthu kukhala pampando wokumbira wopanda satifiketi ya kutseka chitsime. Satifiketiyo ituluka kuno, pansi pake padzakhala dzina lanu, lolembedwa ndi dzanja langa.

Denga la kukhitchini musadikire mvula. Itanani kalipentala, koma osati mlamu wanu, mukudziwa mmene zinathera ulendo watha. Mdzukulu wanu wandilembera kuti masamu akumuzunza. Musamuthandize inu, chonde, mumutumize kwa aphunzitsi oyandikana nafe aja.

Mwana wanu,
Kondakitala

17 Meyi

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi ndi mwana. Ine thupi lili bwino.

Anthu a kampani aja anabwera ndipo maphunziro atha. Ndi amuna akuluakulu, manja ngati matabwa, ena zala zosakwana. Mtsogoleri wawo amamutchula Chimphona, chifukwa polowa pakhomo amachita kuwerama. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kujombo n'kunena kuti, "Mayi, ine ndinayamba kukumba inu mukuyamwa."

Ndinati, "Ndiye mundiphunzitsa zambiri, bambo. Khalani pampandopo tione."

Zoona zake, anthuwa ntchito amaidziwa. Chimphona amaona kuti matope achuluka geji isanasunthe bwinobwino, ngati amachita kununkhiza. Koma akaona, dzanja lake silipita pa chotsekera. Limapita pa foni. Iye ndi anzake ena anazolowera kuti usanatseke chitsime uyambe wapempha kwa bwana, chifukwa kutseka kumaimitsa ntchito, ndipo amene waimitsa ntchito pachabe amakalipiridwa pamaso pa anzake, mwinanso kuchotsedwa. Ndinawauza m'kalasi, ndinawauza pa tiyi, ndinalemba pa bolodi ndi zilembo zazikulu: TSEKA KAYE, FONI PAMBUYO. Onse ankagwedeza mitu. Koma dzanja lili ndi mutu wakewake.

Pa mayeso asanu ndi awiri anakhoza. Asanu analephera, Chimphona ali pomwepo. Ndinamupatsa mwayi wina monga malamulo amalolera, koma zinali chimodzimodzi: foni ili kukhutu, makanema psuu. Anadzuka, anaponya chipewa pansi, anatuluka osatsanzika. Mtima unandiwawa, Bambo, chifukwa mmene anawerama potuluka paja ndinaona msana wanu.

Mawa lake kunabwera bwana wa kampani, munthu waulemu, wonunkhira bwino. Ananditengera ku chakudya chamasana kumalo kumene mafoloko amakhala atatuatatu. Anayamikira senta, anayamikira ine, anafunsa za kwathu. Kenako anati, "Mayi, anthu asanu aja akumba zitsime zenizeni zaka zambiri. Chanucho ndi chidole cha pa kanema. Chitsime chathu chikuyamba mwezi wamawa, ndipo tsiku lililonse lochedwa ndi chitayiko chachikulu. Sentayi ndi yathu tonse. Tithandizane."

Ndinati, "Abwere ndiwaphunzitsenso mwezi umodzi, kwaulere. Akakhoza ndisaina tsiku lomwelo."

Anamwetulira n'kunena kuti, "Mwezi tilibe. Ganizani bwino, ndinu mlendo kuno."

Ndinamaliza chakudya changa chonse, chifukwa munandiphunzitsa kusataya chakudya, ndipo ndinathokoza. Masatifiketi asanu ndi awiri ndinasaina. Asanuwo ali m'kabati, oyera.

Zina zilipo koma ndi zoti ndidzakuuzeni pamaso. Ndakondwa kuti denga latha. Pepani kuti pa tsiku lobadwa la mwana ndinaimba mochedwa, kunali misonkhano yambiri. Diresi ndatumiza ndi mayi wina amene akubwera kumeneko, ngati yakula musaibweze, aikulira.

Mwana wanu,
Kondakitala

2 Julayi

Bambo,

Moni nonse. Ine ndili bwino, musade nkhawa.

Ndachedwa kulemba chifukwa ndimasamuka. Makalata muzitumiza pa adiresi yomwe ndalemba kuseriku, osatinso ku senta. Ndapeza chipinda pamwamba pa shopu ya matayala. Nyumba ija inali yaikulu kwambiri, ndinakuuzani kale. Pano m'mawa ndimadzutsidwa ndi makina opopera, ndipo zovala zonse zikununkha labala, koma mwini shopu ndi munthu wabwino, anandibwereka tebulo ndi mipando. Pawindo ndimaona msewu wonse: wosoka nsapato, mayi wa matimati, ndi mabasi amene amaima paliponse pamene afuna. Malole a mafuta amadutsa m'mawa. Ndimawayang'ana mpaka akhote.

Masiku ano ndili ndi nthawi yambiri yowerenga.

Zimene ndimatumiza zichepako kwa miyezi ingapo. Za mankhwala anu ndi za sukulu ya mwana zokha sizisintha. Zopenta nyumba ziyambe zaima. Amayi muwauze kuti utoto wakwera mtengo, zina musawauze, mukudziwa mmene mtima wawo umathamangira.

Bambo ake a mwana akabweranso kudzamuona, alandireni bwino, musakangane nawo. Mwanayo amamva zonse ngakhale aoneke ngati akusewera.

Mundipempherere.

Kondakitala

20 Ogasiti

Bambo anga,

Moni. Ndakondwa kuti nonse muli bwino. Kalata yanu inali ya mizere itatu, koma ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika popinda. Mwati, "Munthu sasamuka m'nyumba yaulere chifukwa yakula. Ndiuze zoona. Kodi ukudya?" Ndikudya, Bambo. Zoona zake ndi izi.

Kampani inalembera yunivesite kuti isiya kuthandiza senta ngati ine ndikhalapobe. Anati ndine wouma mutu, sindidziwa mmene ntchito imayendera kuno, ndipo ndinalepheretsa anthu awo dala pofuna kudzionetsa. Mkulu wa yunivesite, yemwe uja wa chipewa chozondoka, anandiitana. Sanandiyang'ane kumaso. Anati ndiyambe ndaima pa ntchito mpaka komiti idzamve nkhani yanga, nyumba ndibweze, ndipo ku senta ndisapondeko. Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chimadalira ntchitoyi. Ikatha, ndinyamula chikwama. Sindinafune mudziwe kuti mwana wanu mumamunyadira uja anatulutsidwa pageti mlonda akumunyamulira mabuku.

Mpando anaupereka kwa a Makiyi kuti agwirizire, n'kuwauza kuti asaine masatifiketi asanu aja. Ndinati basi zatha, mpando ankaufuna uja aupeza, asaina. Koma tamverani. Satifiketi siigwira ntchito popanda chidindo cha senta, ndipo chidindocho chimakhala m'kabati yachitsulo. A Makiyi anauza akuluakulu kuti kiyi wa kabatiyo wasowa. A Makiyi! Munthu amene sanatayepo ngakhale kiyi wa kuchimbudzi! Akuti afunafuna paliponse. Atauzidwa kuti aitane wothyola maloko, anati kabatiyo ndi katundu wa yunivesite, kuithyola kumafuna chilolezo cha komiti yoona za katundu, ndipo komitiyo wapampando wake ali pa tchuthi. Mpaka lero kiyi sanapezeke.

Chinanso. Loweruka lina masana ndinamva masitepe a chipinda changa akulira ngati akukwera ng'ombe. Kutsegula chitseko, ndi Chimphona, chipewa chili m'manja, anzake anayi ali pambuyo. Ndinaganiza kuti abwera kudzandilalatira.

Anati, "Mayi, chitsime chayamba ndi anzathu asanu ndi awiri aja, akugwira mosinthana mpaka maso afiira. Ife atiika kosesa m'nyumba yosungira katundu. Ndakwiya nanu mwezi wathunthu. Koma mkazi wanga anandifunsa kuti, kodi mayiyo ananama? Simunaname ayi. Tiphunzitseni."

Ndinati, "Ku senta sandilola."

Anati, "Ndiye pompano."

Mwini shopu anatipatsa malo kuseri, pakati pa milu ya matayala akutha. Loweruka lililonse timakhala pamenepo. Ndinatenga ndowa ziwiri, paipi ya madzi ndi mpopi wakale, ndiwo chitsime chathu. Nsapato yanga ndiyo foni. Ndikathira madzi owonjezera mu ndowa, amene ali pampando ayenera kutseka mpopi asanakhudze nsapato. Akaikhudza kaye, anzake onse amakuwa kuti "Wafa!" ndipo amagula zakumwa za gulu lonse. Chimphona wagula kambirimbiri, moti mayi wa pagolosale akumupatsa moni wa pachibale. Lamlungu masana amapita ku senta, kumene a Makiyi amawatsegulira chipinda choyeserera monga wogwirizira mpando, n'kumayendetsa kompyuta potsata zimene ndawalembera. Ine sindipondako, lamulo ndikulisunga.

Komiti ikumana mwezi wamawa kapena winawo. Sindikudziwa mmene zithere. Koma musandiuze kuti ndibwerere, Bambo, chifukwa mukanena inu ndimvera, ndipo sindikufuna kumvera.

Mwana wanu,
Kondakitala

11 Okutobala

Bambo anga okondedwa,

Moni kwa inu, Amayi ndi mwana. Ine ndili bwino kwambiri. Kalata ino muwawerengere Amayi mokweza, tsopano akhoza kumva zonse. Adiresi ndi yakale ija ya ku senta.

Komiti inakumana m'chipinda cha tebulo lalitali. Mbali ina kunali bwana wa kampani ndi loya wake, mbali ina ine ndekha, nditavala suti yabuluu imene Amayi anandisokera. Loya analankhula nthawi yaitali. Anati makina athu ndi zoseweretsa, ndipo anthu odziwa ntchito sangayesedwe ndi munthu amene sanagonepo pachitsime. Ine ndinangofotokoza zimene zinachitika pa mayeso n'kuonetsa zimene kompyuta inasunga.

Kenako wapampando anafunsa ngati alipo wina wofuna kulankhula. Chimphona anadzuka kumbuyo. Palibe anamuitana, anachita kupempha tchuthi kuntchito. Anati, "Akuluakulu, amene akunenedwa kuti analakwiridwa ndi ine. Sindinalakwiridwe. Ndinaona gasi, ndinatenga foni. Ndakhala ndikutenga foni moyo wanga wonse, chifukwa ndimaopa bwana kuposa moto. Mwamwayi moto sunandipeze. Musandipatse pepala laulere. Itanani woyesa wina wochokera kunja, amene sadziwa mayiwa ndiponso sadziwa kampani, atiyesenso."

Bwana wake anamuyang'ana ndi diso loti tikaonana kunja. Koma pempho lotero ungalikane bwanji pagulu? Komiti inavomera.

Woyesayo anabwera patapita masabata, bambo wamfupi wosaseka. Ine anandikhazika pakona, osaloledwa kutsegula pakamwa. Itafika nthawi ya Chimphona, matope atangoyamba kuchuluka, woyesayo anachita chimene ine sindinachiganizepo: anaimba foni ya pakhoma ija, iye ali kuseri kwa galasi, kudziyesa bwana. Foni ikulira, geji ikukwera. Ndinaona dzanja la Chimphona likunyamuka kupita kukhoma. Linafika pakati, linaima m'malere, kenako linatsika. Anaimitsa makina, anayang'ana matope, anatseka chitsime, zonse m'ndondomeko yake. Atatero ndi pamene anatenga foni. Woyesa anakuwa kuti, "Ndani wakuuza kuti utseke? Ukudziwa zimene wationongera?"

Chimphona anati, "Ndatseka kale, bwana. Tsopano kalipani bwinobwino, nthawi ilipo."

Munthu wosaseka uja anaseka mpaka kuvula magalasi.

Anakhoza anayi. Mmodzi, wamng'ono pa onse, anasokoneza mawerengedwe a matope ndipo analepheranso. Woyesa sanamupatse, ndipo palibe anatsutsa. Abweranso chaka chamawa.

Komiti inalamula kuti ndibwerere pa ntchito. Mkulu wa yunivesite anandigwira chanza n'kunena kuti iye sanakayikepo za ine. Ndinangoti zikomo. M'mawa mwake a Makiyi anabwera mu ofesi akuliza lamba wawo, anaika kiyi patebulo n'kunena kuti, "Mayi, zodabwitsa, anali m'thumba la jekete." Ndinati, "Jekete yomwe mumavala tsiku lililonseyi?" Anati, "Yomweyi. Ukalamba." Ndinasaina masatifiketi anayi, iwo akudinda.

Sikuti zonse zakoma. Kampani sinachoke, koma thandizo lake yalidula pakati. Achinyamata awiri ofufuza mu labotale ndalephera kuwasunga, ndipo mmodzi anali pakati pa ntchito yabwino yoyeretsa madzi amene amatuluka pamodzi ndi mafuta. Kuwauza kunandivuta kuposa kukhala pamaso pa komiti. Ndawalembera makalata owachitira umboni kwina, ndikudikira mayankho. Chimphona naye anamubwezera pampando wokumbira, koma ukapitawo anamulanda. Akuti alibe nazo ntchito, akugona tulo.

Nyumba yanu ija pentani tsopano. Mtundu asankhe Amayi, inu munasankha ulendo watha ndipo anthu ankaiyesa chipatala.

Mwana wanu,
Kondakitala

6 Disembala

Bambo anga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino nonse. Ine ndili bwino. Ndamva kuti mwana wakhoza bwino, masamu omwe. Mumuuze kuti ndavina ndekha mu ofesi mpaka mlembi anasuzumira.

Sabata yatha tinali ndi mwambo wopereka masatifiketi kwa onse amene aphunzira chaka chino. Holo inadzaza, ena anaima m'mawindo. Kunali ophunzira athu, mtsikana wothawa alamu uja ali patsogolo pa onse m'kalasi mwake, ndiponso okumba zitsime ndi mabanja awo. Mkazi wa Chimphona ndi kamayi kakang'ono, kofika m'chiuno mwa mwamuna wake. Anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti, "Ndimafuna ndingokuonani." Chithunzi ndaika m'kalatamu. Wovala mkanjo pakatipo ndine, musandisake kumbuyo.

Nkhani ya mayeso aja inamveka. Makampani ena awiri alembetsa antchito awo chaka chamawa, ndipo a boma oyang'anira zitsime akufuna tiziphunzitsa oyendera awo. Akuti satifiketi ya kuno ndi yovuta kupeza, ndiye ndi imene akuifuna. Mmodzi wa achinyamata aja ndamubweza kale mu labotale. Winayo anapeza malo kwina.

Tsopano nkhani imene ndakhala ndikuizungulira. Yunivesite yandipatsa kontirakiti ya zaka zitatu. Ndikufuna kuvomera, Bambo. Sentayi ndaitulutsa m'mabokosi ndi manja anga, ndipo sindinafike poisiya. Koma mwana ndinamulonjeza chaka chimodzi, ndipo chakacho chikutha. Sindingamuuze kuti adikire zina zitatu. Adzakhala atakula ine ndisakuona, ndipo adzaphunzira kuti mawu a mayi ake ndi ongonena.

Ndiye ndikupempha kuti ndidzamutenge. Sukulu yabwino ilipo pafupi, ndakaiona ndipo malo alipo. Bambo ake ndalankhula nawo, tinakambirana ngati anthu akuluakulu koyamba m'zaka zambiri, ndipo avomera kusainira za pasipoti. Iye mwini ndidzamufunsa ndekha ndikabwera pa tchuthi kumapeto kwa mwezi uno, ndipo akakana sindimukakamiza. Koma sindingamufunse ndisanamve kwa inu ndi Amayi. Mwamulera ndinu. Ndikudziwa amene amakubwerezerani nkhani za pa wailesi mokuwa, ndi amene amakubisirani shuga wa mu tiyi. Ndikudziwa mmene nyumbayo idzakhalire zii. Ndikukupemphani chinthu chachikulu kuposa zonse zimene ndinakupemphanipo, ndipo mukati ayi sindidzakwiya, kontirakitiyo ndikaibweza.

Ndisakubisireni, bedi lachiwiri ndagula kale. Analinyamula a Makiyi ndi Chimphona, akukangana njira yonse kuti akukoka ndani, akukankha ndani. Laima m'chipinda chinacho pafupi ndi windo loyang'ana ku bwalo la mpira. Matiresi akadali m'pepala lake. Sindiyalapo kanthu mpaka mutandiyankha.

Ndine mwana wanu,
Kondakitala